Khanda, buthu, namwali: mawu otchulira misinkhu ya munthu

Funso: Ndimaphunzitsa za kakulidwe ka munthu, makamaka magawo 8 a moyo amene Erik Erikson, katswiri wa za maganizo a anthu, adafotokoza mu 1950. Ndikafika pa gawo lachisanu, la zaka 12 mpaka 18, mawu amandisowa. Kodi "wachinyamata" ndi okwanira?

Yankho: Aphunzitsi, mawu amenewo ndi otakata kwambiri. Ndondomeko ya boma la Malawi yoona za achinyamata imawerengera aliyense wa zaka 10 mpaka 35, ndiye kuti mwana wa Sitandade 5 ndi bambo wa ana atatu ali m'gulu limodzi. Vuto lagona pakuti Erikson adagawa moyo potsata zaka, pamene Chichewa chimayang'ana zimene zasintha m'thupi ndiponso udindo umene mudzi wam'patsa munthu.

Taonani mmene timatchulira mtsikana. Mawere akangoyamba kutuluka koma asanaone msambo, ndi buthu. Akaona msambo woyamba timati "wakula" kapena "watha msinkhu", ndipo kuyambira pamenepo ndi namwali, woyenera kulangizidwa ndi anamkungwi. Wina zimam'fikira ali ndi zaka 11, wina 15. Mnyamata alibe tsiku limodzi lodziwika chotero: timangomva mawu akulemera, ndevu nazo zikumera. Komanso dziwani kuti ku chinamwali anyamata nawonso amatchedwa anamwali.

Pa bolodi lembani "nthawi yotha msinkhu (zaka 12 mpaka 18)", kenako fotokozani kuti ndi pamene munthu amalimbana ndi funso lakuti "kodi ine ndine yani?" Zakazo musazisiye. Mawu akuti "wakula" asocheretsa makolo ambiri, n'kumaganiza kuti mwana wafika pokwatiwa, chikhalirecho kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko la Malawi amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana.

Gawo loyamba silivuta: khanda. Ingosamalani mgwirizano wa mawu. Timati "khanda ili", "makanda awa". Mukafuna "uyu", nenani "mwana wakhanda uyu".

Pa gawo lachisanu ndi chiwiri, la zaka za m'ma 40 mpaka 65, pamene Erikson akunena za kulera ndi kutsogolera mbadwo wotsatira, ena amalemba "ntchembere". Pamenepo alakwitsa. Ntchembere ndi mkazi amene wabereka, kaya ali ndi zaka 19, ndipo mawuwa amasiya kunja abambo komanso amapweteka mtima mayi amene sanaone mwana. "Akuluakulu a zaka zapakati" akukwanira onse.

Gawo lomaliza litcheni ukalamba, anthu ake okalamba kapena achikulire. "Nkhalamba" ndi Chichewa cholondola, koma mgwirizano wake ndi wa "nkhalamba iyi yabwera", wofanana ndi wa mbuzi kapena nyumba, motero pamaso pa mwiniwake amamveka amwano. Ophunzira anu akapita kukacheza ndi okalamba m'mudzi, awatchule kuti agogo.