Musamuchotse m'kalasi ya kompyuta, achemwali

Achemwali, za mwana wanu amene akukana kupita ku kompyuta chifukwa anzake akumusiya kumbuyo potaipa zandibwezera kutali, mtima ukuwawa ngati zachitika dzulo. Musamuchotse. Chonde.

Wanga ali ndi dyslexia, vuto lovutika kuwerenga ndi kulemba zilembo, komanso zala zake sizimvera msanga. Pamene anali ndi zaka 11, mphunzitsi anapatsa kalasi yawo mayeso a liwiro lotaipa, mphindi imodzi, wotchi ikuwerenga pakhoma. Anawaphimba manja onse ndi katoni kuti asaone mabatani. Chala cha mwana wanga chinakhala pa k osachoka msanga, mzere wonse n'kudzaza kkkkkkkk. Munthu wamkulu uja, m'malo mowerama n'kumuthandiza, anaonetsa sikirini yake kalasi yonse, amvekere taonani, ngakhale kompyuta ikumuseka. Ana onse anafa nacho chiseko. Atafika kunyumba sanalire ayi. Analowa pansi pa tebulo chikwama chili kumsana, nsapato osavula, anakhala momwemo mpaka kunada. Nditagwada kuti ndimutulutse anangondifunsa kuti, amayi, kodi ine mutu wanga ndi wakufa? Pano ndikulemba manja akunjenjemera.

M'mawa mwake ndinapita kwa mphunzitsiyo. Yankho lake linali lakuti mwana ndi waulesi, ena onse akutha bwanji. Ulesi! Mwana amene amathera madzulo onse pa ndime imodzi! Ndipo munthu wophunzitsa kompyuta osadziwa kuti Windows ili ndi Filter Keys, yoletsa chilembo kubwerezabwereza chala chikachedwa pa batani. Umangogwira Shift ya kumanja masekondi 8, basi, kkkk uja sakanaoneka n'komwe. Ine amene sindinaphunzire zimenezi ndinazipeza ndekha usiku, ndikulira. Ndinamulalatira mphunzitsiyo mpaka ena anatuluka m'maofesi, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire.

Chimene chinatitsegula maso n'chakuti pa kiyibodi zilembo ndi zazikulu, koma pa sikirini zimatuluka zazing'ono. Mwana amene b ndi d, p ndi q zimamusokoneza kale, mukumuuza asake B kuti apeze b. Tinamata timapepala ta zilembo zazing'ono pa mabatani. Kenako ndinamugwira zala zolozera n'kuziika pa F ndi J, kuti amve timizere totukuka tija. Tinakhala pa mzere wapakati wokhawo, A S D F ndi J K L, milungu ingapo osasuntha, akutchula chilembo chilichonse mokweza pochidina. Sticky Keys nayo muyatse podina Shift kasanu, kuti mabatani oyendera limodzi monga Ctrl ndi C azidina limodzi kenako linalo osapotokola dzanja. Ndipo mumuphunzitse Ctrl ndi Z tsiku loyamba lomwe. Wanga atadziwa kuti cholakwa chimabwezeka, mapewa anatsika.

Mizere yofiira ya mu Word ija, yosonyeza mawu olembedwa molakwika, muzimitse pamene akulemba, muziyatsa akamaliza, chifukwa tsamba lofiira lonse limamufooketsa asanafike pakati. Zilembo zikhale Arial kapena Verdana, saizi 14, mizere yotalikirana. Akamaliza, Immersive Reader ya mu Word momwemo imuwerengere mokweza zimene walemba m'Chingerezi, khutu limagwira zomwe diso laphonya.

Wotchi isayandikire mwana ameneyo. Ine ndimatchera alamu ya mphindi 10 tsiku lililonse, ikalira tasiya ngakhale zikuyenda bwino, koma foni imakhala m'thumba mwanga, iye saiona. Za kuphimba manja ndimadana nazo, mwamva nokha chifukwa chake, komabe akazolowera mzere wapakati muziika kansalu pang'ono muli awiriwiri, apo ayi azolowera kujompha ndi zala ziwiri, ndipo kumusiyitsa n'kovuta.

Kwa mphunzitsi mupite mofatsa, musachite ngati ine. Mwana ndi amene amatsala naye m'kalasi inu mutapita, wanga anavutika nazo chaka chonsecho. Mukapemphe zinthu ziwiri, kuti asamuyese liwiro pamaso pa anzake, komanso kuti amupatse nthawi yoonjezera, ndipo zilembedwe papepala. Akakana, pamenepo musamusekerere, kwerani kwa ahedi.

Wanga pano ali ndi zaka 14, amataipa pang'onopang'ono koma homuweki amalemba yekha. Mundiuze kompyuta imene mwana wanu akugwiritsa ntchito, ndikulondolereni pamene pali Filter Keys.