Yambani ndi kukonza script ya wina musanalembe yanu

Achimwene, mwafunsa kuti mungayambe bwanji kulemba ma script a Nmap, pulogalamu yofufuzira makompyuta pa netiweki, pomwe mumangodziwa Python pang'ono. Ma script amenewa amalembedwa mu Lua. Lua asakuopseni, ndi chilankhulo chaching'ono. Ine ndinachiphunzira madzulo ndikaweruka kuntchito ku Randburg, kuno ku South Africa, nthawi zina ndili pa batire chifukwa cha load shedding.

Musathamangire kulemba yanu. Tsegulani foda ya ma script, pa Linux nthawi zambiri imakhala pa /usr/share/nmap/scripts, muli opitirira 600. Tengani http-title.nse muiwerenge mzere ndi mzere. Mupeza description, categories, kenako portrule yomwe imanena kuti script idzuke ikakumana ndi port yanji, ndi action pomwe pali ntchito yeniyeni. Mukatero lowani mu nselib, foda ya zidutswa za code zolembedwa kale zomwe ma script amagwiritsa ntchito, muone shortport, stdnse ndi http. Ine ndinataya mlungu wathunthu ndikulemba ndekha kachidutswa kotumizira HTTP request, osadziwa kuti http.get ilipo kale. Zimandiwawabe mpaka pano.

Chopereka chanu choyamba chikhale kukonza script yakale yomwe ikulephera pa seva zatsopano, kapena NSEDoc yake, malemba ofotokoza script, ngati @usage ndi @output sizikugwirizana ndi zomwe imatulutsa. Nmap ndi yakale, Gordon Lyon anaitulutsa mu 1997, ndiye zofunika kukonza sizisowa. Potero mumaphunzira kalembedwe kamene eni ake amavomereza. Poyesa ikani -d ndi --script-trace kuti muone zonse zomwe zikupita ndi kubwera. Ndipo muzinena zoona pa categories. Ngati script yanu ingagwetse seva, ndi intrusive, musailembe safe, chifukwa wina adzaiyendetsa pa netiweki ya chipatala akukukhulupirirani.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: musayesere pa Wi-Fi ya alandilodi kapena ya kuntchito popanda chilolezo cholembedwa. Kuno kuli Cybercrimes Act ya 2020, ndipo ife ndife alendo m'dziko muno, mlandu wotere ungakhudze ngakhale pemiti yanu. Ikani virtual machine, kompyuta yongoyerekeza, pa laputopu yanu muzisewerera pamenepo. Palinso seva ya scanme.nmap.org yomwe eni ake a Nmap analoleza kuyeserapo, koma ndi ya scan yopepuka, kangapo patsiku basi.

Mukatumiza pull request pa GitHub, lomwe ndi pempho loti zomwe mwakonza zilowe mu Nmap, yankho limatha kuchedwa, musataye mtima. Musanaitumize iponyeni muno, ndiiwerenga Loweruka.