Dokotala yemweyo, ntchito yomweyo, koma Medicare ikulipira mosiyana

Sabata yatha mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Texas ananditumizira imelo. Amalemba mabilu pa kiliniki ina ku Houston, ndipo kilinikiyo yatsegula nthambi m'tauni ina yakutali. Akufunsa kuti: "Dokotala ndi yemweyo, ntchito ndi yomweyo, koma ndalama za Medicare zikubwera zosiyana. Kodi ndikulakwitsa penapake?"

Achemwali, mtima m'malo. Simunalakwitse, nkhani ndi ya mapu.

Medicare, inshulansi ya boma la America yothandiza makamaka anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, inagawa dziko m'zigawo zolipirira madokotala. Texas yokha ili ndi zigawo 8: Houston, Dallas, Austin, Fort Worth, Galveston, Beaumont, Brazoria, kenako kwina konse kotsala anangokuphatikiza n'kukutcha Rest of Texas. Nthambi yanu yatsopanoyo iyenera kuti yagwera m'thumba lomalizali. Ndipo amayang'ana komwe wodwala wathandizidwira, osati komwe amakhala.

Kuyambira mu 1992, mtengo wa thandizo lililonse umaima pa miyendo itatu ngati mafuwa: ntchito ya dokotala mwiniyo, zoyendetsera kiliniki monga lendi ndi malipiro a anamwino, ndi inshulansi yomuteteza akasumiridwa. Mwendo uliwonse amauchulukitsa ndi nambala ya chigawocho, yotchedwa GPCI, imene CMS, bungwe la boma loyendetsa Medicare, limaiunikanso zaka zitatu zilizonse. Komwe lendi ndi yokwera, nambalayo imaposa 1. Komwe zinthu n'zotsikirapo, imatsika. Pa mwendo wa ntchito ya dokotala amangowerengera kota ya kusiyanako, n'chifukwa chake mukaona bwino mabilu anu, kusiyana kwakukulu kukhala pa zoyendetsera kiliniki.

Ganizo lake ndi labwino ndithu. Chimene ine chimandinyansa ndi malire akewo. Zigawozi zinali 210, mu 1997 anaziphatikiza n'kutsala 89, basi mapu anagona pomwepo zaka pafupifupi 20 pamene matauni ankakula. Ku California, dera la Santa Cruz linakhala m'gulu la "kotsala" ngati kumudzi, chikhalirecho nyumba zake zikudula zedi, pomwe oyandikana nawo a ku Santa Clara ankalandira zochuluka. San Diego, mzinda waukulu chonchija, nawo unali m'gulu lomwelo! Madokotala anadandaula mpaka lamulo la mu 2014 linasintha zinthu, ndipo kuyambira 2017 California inagawidwa motsatira mizinda yake, zigawo za dziko lonse n'kufika 112 panthawiyo. Texas sanaikhudze.

Ndale nazo zimalowererapo. Alaska anaiikira malire akuti nambala ya ntchito ya dokotala isatsike pa 1.5. Montana, Nevada, Wyoming, North Dakota ndi South Dakota nawo anatetezedwa kuti nambala ya zoyendetsera isatsike pa 1. Aphungu a kumidzi amati mukalipira dokotala wakumudzi zochepa, ndiye mukumuthamangitsira m'tauni. Pamenepo ndimawamvetsa.

Tsono Lolemba mukafika ku ofesi, tengani ZIP code (nambala ya positi ya dera) ya nthambiyo muione kuti ili m'chigawo chiti, kenako muyerekeze pa webusaiti ya CMS mtengo wa khodi ya thandizo lomwelo m'zigawo ziwirizo. Zikagwirizana ndi zimene mwalandira, abwana anu muwaonetse mapu.