Kwa amayi amene afunsa ngati Scotland ndi England yomweyo

Amayi, mwati mtsikana wanu wapeza malo ku yunivesite ya Glasgow ndiye mukufuna kudziwa ngati Scotland ndi dziko palokha kapena ndi chigawo chabe cha England, komanso anthu ake ndi otani. Choyamba mwanayo wachita bwino zedi, Mulungu amutsogolere. Ine kuno ku Scotland ndakhalako zaka ndithu ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye mundipirire italikako pang'ono.

Mumuuziretu asadzamutchule munthu wa kuno kuti Mngelezi. Ine ndili mlendo ndinatero kwa agogo ena amene ndinkawasamalira, anaika kapu ya tiyi pansi nkundiyang'anitsitsa, kenako anandikhazika pampando pafupifupi ola lathunthu kundifotokozera mbiri ya kwawo mpaka tiyi uja kuzizira. Scotland ili mu United Kingdom inde, pasipoti ndi imodzi, mfumu ndi imodzi, koma malamulo a kukhoti ndi awoawo, masukulu awoawo, tchalitchi chawo, timu ya mpira yawo, ngakhale ndalama zapepala mabanki a kuno amasindikiza zawo ngakhale ili paundi yomweyo.

Dzikoli ndi laling'ono kuposa Malawi ndipo anthu ndi pafupifupi 5.4 miliyoni basi. Likulu ndi Edinburgh koma mzinda waukulu ndi Glasgow. Kumwera ndi kotsetsereka, ndi komwe kuli anthu ambiri ndi minda, kumpoto ndiye Highlands, mapiri okhaokha ambiri opanda mitengo, nyanja zing'onozing'ono zazitali zakuya zomwe amati loch, ndi zilumba zoposa 790. Phiri lawo lalitali Ben Nevis ndi mamita 1,345, Sapitwa wathu wa pa Mulanje amaliposa kawiri nkutsalako, koma musalipeputse, mphepo yake ndi chifunga zimapha anthu.

Tsiku loyamba kupita ku Highlands ndinadabwa, mtunda wonse uja osaona mudzi, nkhosa zokhazokha, apa ndi apo zipupa zamiyala za nyumba zopanda denga. Kumeneko kunali anthu, amayi. Atagonja kwa asilikali a boma la Britain pa nkhondo ya Culloden mu 1746 mphamvu za mafuko awo zinathyoledwa, kenako eni malo anaona kuti nkhosa zikupindulitsa kuposa alimi, nkuyamba kuthamangitsa mabanja m'midzi ya makolo awo, nyumba zina kuziotcha, anthu kukwera sitima za pamadzi kupita ku Canada, America, Australia. Ife a ku Thyolo ndi Mulanje nkhani ya malo timaidziwa, ndinaima pa bwinja lina pamenepo mtima unandiwawa kwambiri.

Za mafumu, anali nawo awo kwa zaka mazanamazana, amawerenga kuyambira kwa Kenneth MacAlpin cha m'ma 843. Mu 1296 mfumu ya England Edward I inalowa ndi nkhondo nkulanda mwala umene ankalongerapo mafumu awo ku Scone, ndipo mwalawo unabwezedwa mu 1996, tangoganizani zaka 700 anthu osaiwala mwala. William Wallace anagonjetsa Angelezi pa Stirling Bridge mu 1297 koma anadzagwidwa nkuphedwa mwankhanza ku London mu 1305, ndiye Robert the Bruce ndi amene anamaliza ntchito pa Bannockburn mu 1314. Amene amandimvetsa chisoni ndi Mary, analowa ufumu mu 1542 ali khanda la masiku 6, moyo wake wonse mavuto, anathawira ku England kwa mbale wake Elizabeth I poganiza kuti amuteteza koma anamutsekera zaka 19 nkumudula mutu mu 1587. Elizabeth anamwalira wopanda mwana ndiye mu 1603 mwana wa Mary yemweyo, James VI, anakatenganso mpando wa England. Baibulo lachingelezi la King James lija la 1611 dzina lake ndi la iyeyu. Ndiye muone, mfumu inachokera ku Scotland kupita ku England. Nyumba za malamulo zinadzaphatikizidwa mu 1707 dziko litasauka chifukwa cha ndalama zimene zinalowa m'madzi pofuna kukhazikitsa koloni ku Darien ku Panama. Palamenti yawo inabwerera mu 1999, ndipo pa referendamu ya 2014 anthu 55 pa 100 aliwonse anakana kuchoka mu UK, 45 anavomera, mpaka lero nkhaniyi imautsa mkangano m'mabanja.

Koma chimene ine ndimawapatsira ulemu kwenikweni ndi sukulu. Dziko losauka, lozizira, nthaka yamiyala, koma tchalitchi chitasintha kuchoka ku Katolika mu 1560 nthawi ya mlaliki John Knox anakakamira kuti munthu aliyense aziwerenga yekha Baibulo, ndipo mu 1696 anakhazikitsa lamulo loti parishi iliyonse ikhale ndi sukulu ndi mphunzitsi. Mayunivesite anali nawo kale, St Andrews 1413, Glasgow komwe akupita mwana wanuyo 1451, Aberdeen 1495, kenako Edinburgh, pomwe England yaikulu ija inali ndi awiri okha. Zipatso zake ndi zomwe tikugwiritsa ntchito tonsefe. Babu mukagula amalemba ma watt, ndi dzina la James Watt ameneyo, ankakonza zipangizo pa yunivesite ya Glasgow pomwepo ndipo mu 1765 anapeza njira yoti injini ya nthunzi isamawononge malasha ambiri, mafakitale nkuyamba kuyenda. Foni ya 1876 ndi Alexander Graham Bell wobadwira ku Edinburgh ngakhale anaipangira ku America. TV anaionetsa koyamba John Logie Baird mu 1926. Akabaza onse athokoze John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto amene mu 1888 anapanga tayala lopopa kuti kanjinga ka mwana wake kasamagwedeze. Ndipo penisilini, Alexander Fleming mwana wa mlimi wa ku Ayrshire, mu 1928 anaona nkhungu itamera m'kambale ka mu labu ndipo tizilombo tozungulira nkhunguyo titafa, wina akanangotaya kambaleko, iye anaima nkufunsa chifukwa.

David Livingstone naye anachokera mu mtima womwewo wa sukulu. Anabadwa mu 1813 ku Blantyre ya kuno, ndinapitako, banja lonse m'chipinda chimodzi chokha, mabedi olowa m'khoma, poyatsira moto pomwepo pophikira pomwepo. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito mu fakitale ya thonje 6 koloko m'mawa mpaka 8 usiku, akaweruka nkupita kusukulu, buku ankaliika pa makina nkumawerenga uku akugwira ntchito. Anafika pa nyanja yathu mu 1859, ndipo Blantyre yathu inatchedwa dzinali mu 1876 ndi amishoni a ku Scotland. Robert Laws wa ku Livingstonia, abale awiri a Moir a ku Mandala, David Clement Scott amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, onsewa ndi a kuno, CCAP mizu yake ina ili kuno, Kamuzu nayenso udokotala anadzamalizira ku Edinburgh. Si zonse zinali zabwino ayi, esiteti ya ku Magomero imene thangata yake inakwiyitsa Chilembwe mu 1915 inali ya mdzukulu wa Livingstone yemweyo, zimenezi tisamabise. Koma ubale ulipo weniweni, mu 2005 maboma awiriwa anasainirana pangano la mgwirizano, ndipo mukangoti ndine wa ku Malawi ambiri nkhope imawala, wina akuuzani kuti tchalitchi chawo kapena sukulu ya mwana wawo ili pa ubale ndi ina ya kwathu.

Mtsikanayo mumugulire jekete lokana mvula, ambulera mphepo ya kuno imathyola. Mu Disembala 4 koloko masana kwada kale, zimasowetsa mtendere chaka choyamba ndiye muzimuimbira pafupipafupi, mu Juni ndiye 10 koloko usiku kukadali kowala. Chingelezi cha ku Glasgow masabata oyamba sadzachimva bwino, asachite manyazi kupempha kuti abwereze, anthu ake ndi ochezeka sakwiya. Akakhazikika adzakwere sitima pa Glasgow Central kupita ku Blantyre, ndi pafupi ulendo wake sukwana ndi ola lomwe, akaone kachipinda kaja akujambulireni.