Kutsatira mpweya kumachepetsa nkhawa, koma pang'onopang'ono

Achimwene, mwafunsa ngati kukhala chete n'kumatsatira mpweya wanu kumachepetsa nkhawa. Inde, kumathandiza, koma si za tsiku limodzi. Njira imene yafufuzidwa kwambiri ndi ya Jon Kabat-Zinn, wasayansi wa ku America, yomwe anaiyambitsa mu 1979 ku University of Massachusetts, ndipo maphunziro ake amatenga masabata 8. Kwa ambiri nkhawa zimachepa, sizitheratu.

Yambani ndi mphindi 10 m'mamawa, dzuwa la Mangochi lisanayambe kuswa mtengo. Khalani pamkeka msana uli chilili, muzimva mpweya ukulowa ndi kutuluka m'mphuno. Maganizo adzathawira ku ngongole kapena ku mtengo wa usipa. Abwezeni osadzikalipira. Apa m'pamene ambiri amasiyira poganiza kuti alephera, chonsecho kuwabwezako ndiye ntchito yake.

Kafukufuku wa Kristin Neff, katswiri wa za maganizo wa ku America, akusonyeza kuti anthu odzichitira chifundo amakhala ndi nkhawa zochepa. Mukalakwitsa, dzilankhuleni mmene mungalankhulire mnzanu amene wavutika.

Kukhala cheteko kukamakukumbutsani zoopsa zakale, siyani kaye. Mukatha masabata awiri osagona bwino kapena osafuna kudya, kaonaneni ndi dokotala ku chipatala chachikulu cha Mangochi. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, pitani tsiku lomwelo.