Usanapite ku Lunzu ndi laputopu yakoyo

Eee, msuweni... ukundimva? Dikira nditseke chitseko, kunjaku kuli Chiperoni. Eya. Azakhali, amayi aang'ono, nonse muli pagulu pano, moni. Pepani nditalikitsa pang'ono, amene bandulo yawathera adzamvera mawa.

Funso lako ndaliona. Wati kodi ilipo pulogalamu yaulere yotsegulira mapu pa laputopu, poti wina wakutumizira fayilo ya mapu koma ikukana kutseguka. Funso ndi limenelo. Koma iwe... iwe amene unasochera pa Ginnery Corner dzuwa likuswa mtengo, lero wayamba kukonda mapu? Hehe. Ayi, ndimakudziwa ine. Nkhani ndi munda wa agogo ku Lunzu uja. Wamva zimene zinakambidwa pa sadaka paja, ndiye ukufuna ukaime pansi pa mpoza uja ndi laputopu, uwaonetse anthu pamene padutsa malire. Ndanama?

Chabwino, ndiyambe ndi chimene wafunsa, n'chachifupi. Pulogalamuyo ndi QGIS. Lemba: Q, G, I, S. Ndi yaulere zenizeni, osati zija zakuba amakuikirani anyamata m'tauni kenako laputopu n'kuyamba kudwala. Iyi anthu a m'maiko osiyanasiyana akhala akuikonza mothandizana kuyambira 2002, ndipo mmene inalembedwera zili poyera, wodziwa atha kusuzumiramo n'kukonza. Ife kuntchito ndi imene timadyera. Fayilo yakoyo ndikukhulupirira ndi shapefile, ndipo shapefile siyenda yokha. Pamakhala ya .shp, ya .shx, ya .dbf, ndi kena kakang'ono ka .prj. Iye wakuponyera imodzi yokha pa WhatsApp, n'chifukwa chake ikukana. Muuze azimange zonse mu zip, kapena asunge ngati GeoPackage, imeneyo imakhala fayilo imodzi basi. Ka .prj kaja usakaiwale, ndikabwereranso.

Koma ndisanapitirire... ukukumbuka za amalume a ku Chilomoni ndi puloti yawo ya ku Chileka? Ayi, iwe unali ku Zomba nthawi imeneyo. Azakhali akudziwa, ndikudziwa akuseka kale. Musakawauze kuti ndanena.

Chinali chaka chija atangopuma ntchito. Anali ndi pepala lija amasunga m'sutikesi ya buluu, lokulunga m'pulasitiki ya shuga, lofiirira ndi ukalamba, lolembedwa manambala a mabikoni onse a pulotiyo. Ndiye anakabwereka ka GPS kachikasu kwa mnzawo wa kumpingo. Loweruka... ayi, linali Lolemba la holide, chifukwa kutchalitchi tinali titapita dzulo lake. M'mamawa anabwera atavala jekete, nsapato zopolisha, kupita kutchire kumeneko! Ine anandipatsa khasu ndi ambulera. Titafika anakhala pa mwala, magalasi pamphuno, n'kumalowetsa manambala imodziimodzi, akuwerenga mokweza. Kamuvi kanaloza. Tinayamba kuyenda. Tinadutsa puloti yawo yonse. Ndikuti, amalume, tapitiriratu. Iwo, "Khala chete, nyamula khasu." Tinadutsa mbatata za eni ake, tinawoloka kakhwawa, mpaka kukaima kuseri kwa khola la mbuzi la mayi wina. Iwo, "Kumba apa."

Mayiwo anatulukira ndi mthiko m'manja, nsima ili pamoto. Amalume anavula chipewa, ulemu wonse, n'kunena kuti, "Mayi, pepani, koma khola ili lili m'malo mwanga. Makinawa amalankhula ndi setilaiti, sanama." Eee! Anthu anasonkhana. Amuna awo a mayiwo anabwera kuchokera kudimba, wina anathamangira kukaitana nduna ya amfumu. Ife tinachoka bwinobwino, koma amalume kunyumba tulo sanaone. Analemba kalata yodandaula ndi dzanja, ndi kabonipepa pansi, kuti anthu awalanda malo. Ndipo usawaone ngati munthu wandewu, mtima unkawawawadi, poti pulotiyo anagula ndi ndalama zija mukuzidziwa.

Mwayi wake, kalata isanapite, ndinawapempha kuti tionetse pepalalo kwa mkulu wina amene anagwira ntchito ya usaveya mpaka kupuma. Mkuluyo manambala sanawayang'ane n'komwe. Anapita m'munsi mwa pepala, m'mphepete, pamene pali timalemba ting'onoting'ono, n'kuloza ndi chikhadabo: Arc 1950. Anatenga ka GPS kaja, kutsegula, kali pa WGS 84. Anangosintha pamenepo basi. Titabwerera ku Chileka, kamuvi kanatifikitsa pa nkhadze, tinapalasa pang'ono, bikoni iyo, konkire ndi kachitsulo pakati pake, pompo pamene wogulitsa anawalozera kalekale. Amalume anakagula shuga ndi sopo kukapepesa kwa mayi aja. Mpaka lero akapita ku Chileka amayamba alonjera kumeneko.

Tsono tamvera, msuweni, apa ndi pamene ndimafuna kufika. Manambala a malo paokha sauza munthu kanthu ngati sukudziwa kuti anayezedwa kuchokera pati. Mapu ambiri akale a dziko lino anayezedwa ndi muyezo wotchedwa Arc 1950. Foni yako, Google Maps, OpenStreetMap, zonsezi zimayendera WGS 84. Kuno kwathu kusiyana kwake ndi mamita pafupifupi 300. Ndipo chimapusitsa anthu n'chakuti zonse ziwiri zitha kulembedwa mu UTM zone 36 South, kalembedwe ka manambala a malo m'mamita, ndiye manambala amaoneka ofanana, kuno ku Blantyre pa zonse ziwiri nambala yoyamba imayamba ndi 7, yachiwiri ndi 82. Zili ngati wina wayeza chimanga ndi ndowa, wina ndi chitini, onse n'kumati "zisanu", kenako n'kumatchulana akuba.

Ka .prj kaja ntchito yake ndi imeneyo, kamauza pulogalamu kuti manambalawa ndi a muyezo uti. Kakakhalapo, QGIS imasintha yokha, mapu akale ndi chithunzi cha setilaiti zimagonerana bwinobwino. Kakasowa, uyenera kuiuza wekha, ndipo ukaiuza zolakwika siikutsutsa, ingokujambulira mzere wokongola pamunda pa munthu wina. Lemba manambala awa: 20936 ndi ya Arc 1950, 32736 ndi ya WGS 84, onse a zone 36 South. Amawatcha ma EPSG. Ukalemba nambalayo m'kabokosi kofufuzira, imatuluka yokha.

Zina ndingodutsamo. Pali MASDAP pa intaneti, pamene pamaikidwa mapu a dziko lino, misewu, mitsinje, malire a maboma, madera osefukira madzi. Inamangidwa pa pulogalamu ya GeoNode, nayonso yaulere. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti sufunika kukopera fayilo yonse, umangotenga linki ya mapuwo, imene amaitcha WMS, n'kuika mu QGIS, kompyuta ya uko ndi imene imasenza katundu, iwe imangokutumizira chithunzi cha dera limene ukuyang'ana. Mapulogalamu osiyana amamvana chifukwa anagwirizana kayankhulidwe kamodzi. OpenStreetMap nayo aliyense atha kujambulamo, ku Chikwawa ndi ku Nsanje anthu anayendadi m'midzi kujambula nyumba ndi misewu pokonzekera madzi osefukira. Zinthu zabwino kwambiri, ndipo ndikufuna uziphunzire, mutu uli nawo iwe ngakhale umasochera.

Koma m'menemo mulibe malire a munda wa agogo. Mulibe. Ngakhale foni yakoyo ili bwino, imaphonya ndi mamita angapo, pansi pa mitengo kuposa apo, ndipo mamita angapo pamunda ndi mizere ya chimanga imene anthu amasiyirana moni. Malo a makolo, lamulo la 2016 lija limati kulembetsa kwake kumadzera ku komiti ya malo ya m'mudzi, pamodzi ndi amfumu, oyandikana nawo munda alipo akuona. Laputopu ikuthandiza kumvetsa pepala, siikhala mboni.

Ndiye ndibwereze, poti ndikudziwa pofika pano wayamba kale kusaka chaja. Usaonetse munthu aliyense mzere pa sikirini usanadziwe kuti manambala akowo ndi a Arc 1950 kapena WGS 84. Anthu aja ndi abale athu, msuweni, maliro timakumana nawo, ndipo pambuyo pa zija za chaka chatha sitifunikanso china. Mawu oti "mwatibera" akatuluka, shuga ndi sopo sizikwanira nthawi zonse.

Aaa, ndi chinanso, amene wakutumizira fayiloyo umufunse anaitenga kuti, anayeza ndani, ndi chiyani. Akayamba kuzungulira, undiuze.

Wamva eti? Muyezo kaye, kenako mapu, ku Lunzu pambuyo, ndipo kumeneko tipite ndi amalume, osati wekha. Pepala la munda wa agogo lija lili kwa amayi aang'ono ulijambule lonse, kutsogolo ndi kuseri, makamaka m'mphepete m'munsimo muli timalemba, usadule. Unditumizire kumbali, osati pagulu pano. Loweruka ndili pakhomo ku Chitawira, bwera ndi laputopuyo tidzaike QGIS limodzi, fayilo yake ndi yaikulu, usawononge bandulo yako, ndili nayo kale pa flash.