Mdzukulu wanga, nkhoswe wako ndani?

Mawu ako ndawalandira, mdzukulu wanga wa ku Kalingalinga. Ukuti iwe ndi mnyamata wako mwakhala nyumba imodzi chaka ndi theka, lendi mumagawana, kutchalitchi mumapita limodzi, ndipo ukufunsa ngati limeneli ndi tchimo poti mumakondana ndi mtima wonse.

Za tchimo abusa ako anakuuza kale, Baibulo nalonso uli nalo. Mtima ukhale m'malo, si iwe woyamba, ndipo zimakonzeka. Koma ndawerenga mawu ako kawiri ndikufunafuna munthu mmodzi, osamupeza. Atsibweni ako ali kuti? Usiku wina mnyamatayo akadzakutsekera kunja, udzagogoda khomo la yani?

Malemu amuna anga atandiona kwathu ku Katete, anatuma akuluakulu awo kwa atsibweni anga, eni mbumba. Atsibweni sanayankhe tsiku lomwelo. Anati, "Tamva, tiyambe tamufunsa mwana." Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, ine manyazi, chala chakuphazi chikukumba pansi. Kenako anatha milungu akufufuza kwawo kwa mnyamatayo: amalima kodi, bambo ake amawasunga bwanji amayi ake, mowa ukawalowa amatani. Tsiku la chinkhoswe akuchimuna anapereka tambala, akwathu msoti. Mnyamatayo anamupatsa khasu ndi nkhwangwa, ine lichero ndi mthiko. Ankhoswe a mbali ziwiri ananyotsola nkhuku imodzi yootcha nadya anthu onse akuona. Fungo la nkhuku ija ndimalimva mpaka lero.

Phindu lake ndinaliona titasamukira kuno ku Lusaka, tikukhala ku Matero. Bambo aja anapeza anzawo a kuthaveni, malipiro nkumathera ku chibuku mwezi usanafike pakati, ana akugona ndi phala. Ndinalemba kalata kumudzi. Patapita milungu iwiri ndinangoona atsibweni pakhomo, fumbi thupi lonse, kathumba ka mtedza kali paphewa. Munthu wachikulire kukwera basi, kuoloka Luangwa, kulowa m'tauni yomwe sankaidziwa, chifukwa cha ine! Anaitanitsa nkhoswe wa kuchimuna, amene ankakhala ku Chawama, nakhala pansi anthu anayi mpaka nyali inatha mafuta. Sanandiuze kuti pirira, monga mmene akazi amauzirana masiku ano ngakhale wina akumenyedwa. Anayang'ana amuna anga nati, "Mwanayu sitinakugulitseni. Ngati mwatopa naye nenani, basi ya mawa ndikwera naye." Nanenso anandidzudzula za pakamwa panga, pakuti ndinkawanyoza bambowo pamaso pa ana. Tonse tinagwetsa nkhope. Banja lija linakhala mpaka imfa inatilekanitsa.

Achinyamata mumakonda kunena kuti ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Mwambiwo umanena za mkazi kapena mwamuna wolowerera, osati nkhoswe. Ndipo sindinaonepo chipembedzo chimene chimalola ukwati wamseri. Boazi potenga Rute anaitana akulu khumi a mudzi nawakhazika pachipata kuti akhale mboni. Akatolika amafuna wansembe ndi mboni ziwiri. Anansi anga achisilamu sachita nikah, ukwati wawo, popanda womuimira mkazi kuchokera kwawo ndiponso mboni. Ife a Reformed, mpingo umene unayambira ku Magwero mu 1899, abusa athu ankayamba afunsa ankhoswe asanadalitse ukwati. Makolo athu analibe mabuku amenewa, koma anadziwa kuti thupi la munthu lili ndi eni ake, ndipo kugona ndi mwana wa eni ndi kulowa m'mudzi wonse.

A Chiluba analengeza mu 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, koma nyumba za ana okhalira limodzi popanda wowadziwa zikungochuluka. Amenenso akwatirana, ndalama zonse zimathera ku kitchen party ndi zithunzi za pa Facebook. Alangizi ndi olipidwa, akamaliza kuvina amapita. Nkhoswe ndi mnzako wa kuntchito wa msinkhu wako, amene banja lake lomwe likugwedezeka. Ameneyo angamuuze chiyani mwamuna wako? Zimandiwawa ndithu.

Pali chinanso choti udziwe. Malamulo a dziko lino satenga kukhalira limodzi ngati ukwati, ngakhale mutakhala zaka khumi. Ukwati ndi wolembetsa, monga ku maofesi a khonsolo ku Civic Centre, kapena wamwambo umene makolo a mbali zonse anavomereza. Lamulo la 1989 la chuma cha masiye limati munthu akamwalira osasiya wilo, ana amatenga magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsalayo 20, makolo 20, ndipo ena amene ankawasunga 10. Koma magawo 20 amenewo ndi a mkazi wodziwika. Ndinaona mtsikana wina wa m'dera mwathu ataima panja pa nyumba ya maliro, abale a mwamuna akufunsana kuti kodi uyu ndani. Sofa ndi firiji anagula yekha ndi ndalama za salaula.

Tsono mwezi ukatha, pita ku siteshoni ya mabasi ya Intercity ukakwere basi ya kwanu. Nkhani iyi usaitumize pa WhatsApp. Tenga shuga, sopo ndi chitenje cha amayi ako. Ukafika uyambe wauza amayi ako aang'ono, ndiwo adziwa poyambira ndi atsibweni. Adzakalipa, mwina adzatchulanso chindapusa kwa mnyamatayo. Khala pamphasa, umve, usayankhe. Mnyamatayo nayenso akauze akwawo, apeze munthu wamkulu womulankhulira. Akayamba kuzengereza ndi kunena kuti tidikire ndalama zipezeke, undilemberenso msanga, undiuze mmene wayankhulira.